Dzuwa loyera pa galimoto ya a kazembe

Bwana wathu anali loya, kenako phungu, ndipo atagwa pachisankho boma linawatumiza kunja ngati kazembe. Ine ndinali kalaliki pa ofesi yawo, wosunga makiyi a makabati onse. Chinali chaka cha 2013.

Kazembe safika n'kungokhala pampando. Dziko lomwe akupitako liyambe lavomereza dzina lake iye akadali kumudzi. Akafika amasiya makope a makalata ake ku unduna wa zakunja, n'kudikira tsiku lokaonana ndi mtsogoleri wa dzikolo. Makalatawo ndi awiri: imodzi yochotsa kazembe wakale, ina yodziwitsa kuti iye ndiye kazembe watsopano. Ngakhale ola limalembedwa, chifukwa Pangano la ku Vienna la 1961, lomwe mayiko amatsata pa nkhani za akazembe, limati akazembe amandanda potengera tsiku ndi nthawi yomwe anayamba ntchito. Amene wakutsogolera ndi mphindi 20 azikhala patsogolo pako pa madyerero onse mpaka wina adzasamuke.

Zamakalata ndinazigwira bwino, ndinaziwerenga kanayi. Chinanditsutsa ndi kambendera ka pa galimoto.

Mwambo wa kumeneko unali woti popita kambenderako kamakhala m'chikwama chake chachikopa, ndipo kamavundukulidwa potuluka, munthu ali kazembe weniweni tsopano. Usiku wake ndinatsegula kabati, ndinapeza kambendera kopindidwa bwino, kobiriwira kali pamwamba. Babu ya m'galaja inali yakupsa. Ndinakaveka pakamtengo kake mofufuza, ndinakakulunga, chikwama tseke, ine kukagona mtima uli m'malo.

Amene munaiwala, mu 2010 boma la a Bingu wa Mutharika linasintha mbendera: kufiira pamwamba, kuda pakati, kubiriwira pansi, ndi dzuwa lathunthu loyera pakatikati. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inabwezeretsa ya 1964, yakuda pamwamba ndi dzuwa lofiira lotuluka. Zonse ziwirizo pansi n'pobiriwira. Mumdima simungazisiyanitse.

Mawa lake bwana anatuluka m'nyumba ya boma ija akumwetulira, asilikali ali chiimire, malipenga akulira. Dalaivala anasolola chikwama. Mphepo nayo ngati yotumidwa. Dzuwa lija mbee!

Mkulu wa zamwambo wa dzikolo anayang'ana kambendera kathu, anayang'ana mbendera yaikulu yomwe iwo anakweza pamtengo, yolondola bwinobwino, n'kutsokomola pang'ono. Bwana sanaphethire. Analowa m'galimoto ngati palibe chachitika.

Mlandu unayambira pageti.

"Achimwene, mwagwira ntchito m'boma zaka zingati?"

"Khumi ndi ziwiri, bwana."

"Kuwerenga mumatha?"

"Ndimatha, bwana."

"Ndime 20 ya Pangano la ku Vienna ikundilola kuika mbendera ya dziko langa pa galimoto. Ya dziko langa. Ndiuzeni, ine lero ndaimirira dziko liti?"

Ndinati babu inapsa.

"Babu si mboni. Lipoti la babuyo munalemba liti?"

Dalaivala anali akunjenjemera mapewa, maso ali pamsewu. Kambendera kaja kanakupiza njira yonse, chifukwa kuimitsa galimoto pakati pa apolisi a njinga zamoto otiperekeza kukanakhala kuitana atolankhani.

Sanandilembere kalata yochenjeza. Chigamulo chinali chakuti m'mawa uliwonse, galimoto isanalize, ndiziwerenga mokweza mizere ya dzuwa la pa mbendera, iwo akumvera pawindo. Ilipo 31. Tsiku lachitatu ndinapeza 30, ndipo tinayambiranso.