Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Khasu la pa yunivesite

M'gawo lapitalo ndinakusiyani pa siteshoni ya basi ku Chipata, mbandakucha, ine ndi atate tikudikira ulendo wa ku Lusaka. Alongo anga anali kukalandira digiri ku UNZA, yunivesite ya dziko la Zambia, ndipo ndalama zinangokwanira anthu awiri. Amayi anatsala.

Za m'njira sindinena zambiri. Katete, Petauke, Nyimba, mlatho wa Luangwa, makilomita opitirira 500, msana kuchita kuuma.

Atate anali mmisiri wosema. Moyo wawo wonse ankasema mipini, mitondo, minsi ndi mithiko, n'kumagulitsa pa msika wa Kapata. Sukulu analekezera m'kalasi yachitatu. Titalowa pa geti la yunivesite, m'mphepete mwa msewu wa Great East, ndinaona akufota. Chipewa anavula n'kuchigwira pachifuwa, ngati munthu wolowa pabwalo la mfumu atapalamula mlandu. Zinandiwawa mumtima.

Kenaka tinafika pa chiboliboli chija ophunzira amajambulitsapo zithunzi, chotchedwa The Graduate. Ndi munthu wovala mkanjo ndi chisoti cha omaliza maphunziro, dzanja lina buku, dzanja lina khasu. Atate anaima chilili. Anachizungulira kawiri, akuyang'ana m'mwamba.

"Mwanawe, limene wagwirali si khasu kodi?"

"Ndi khasu, atate."

"Pa sukulu yaikulu chonchi?"

Alongo anga anafotokoza kuti anachiumba ndi Henry Tayali, wobadwira ku Serenje mu 1943, amene anaphunzira luso ku Makerere ku Uganda ndi ku Düsseldorf ku Germany, nabwerera kudzagwira ntchito pa yunivesite yomweyi. Anamwalira mu 1987. Atate zaka sanazisamale. Anangofunsa ngati munthuyo ankalandira malipiro chifukwa cha ntchito ya manja ake. Atamva kuti inde, anavala chipewa chawo.

M'mawa mwake ndiwo anaumirira kuti tipite ku Showgrounds, kumene kuli nyumba yoonetsera zaluso yotchedwa dzina la Tayali. Ine ndinkathamangira zithunzi za utoto wowala. Iwo ayi. Anagwada pafupi ndi chosema china cha mtengo, manja ali kumbuyo poopa kukhudza, n'kumandisonyeza ndi mlomo pamene kasemasema anadutsa, pamene mmisiri anatsata mtima wa mtengo, ndi pamene anachita changu. Mtengowo anaudziwa ndi maso okha kuti ndi mlombwa. Sindinawamvepo akulankhula nthawi yaitali choncho za ntchito yawo, ndipo mpaka lero ndimadandaula kuti sindinawafunse zambiri.

Titabwerera kwathu, panapita milungu iwiri. Tsiku lina madzulo ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe ali ndi chidutswa cha mlombwa chimene ankasungira mpando. Sunali mpando umene unali kutuluka m'menemo. Anali mayi woberekera mwana, wowerama ngati akupalira.

"Usawauze amayi ako mpaka ndimalize," anatero.

M'gawo lotsatira ndidzakuuzani zimene amayi ananena atachiona.