Selo lilibe sikelo

Mtima wanga wakhala pansi tsopano. Semesita yonseyi funso limodzi limandisowetsa tulo: titanium dioxide (TiO2) ndi yemweyo amene ali mu penti ndi m'mafuta otchinjiriza khungu ku dzuwa, nanga bwanji akachepa kufika pa nano anthu amayamba kuda naye nkhawa? Nano ndi tinthu ta kukula kwa 1 mpaka 100 nm (nanomita), ndipo mu milimita imodzi muli ma nanomita miliyoni.

Chinanditsegula mutu ndi makoswe a Günter Oberdörster wa ku University of Rochester. Anawathira TiO2 m'mapapo, ena ya pafupifupi 20 nm, ena ya 250 nm. Ukayang'ana kulemera kokha, tating'onoto tinatupitsa mapapo kwambiri kuposa tokulirapo, ungaganize kuti ndi mankhwala awiri osiyana. Koma atachotsa kulemera pa grafu n'kuikapo surface area, kutanthauza kukula kwa malo onse akunja kwa tinthuto, madontho onse aja anagwera pamzere umodzi. Umodzi basi!

Ndinatenga pensulo. Kachidutswa ka 1 cm mbali zonse kali ndi 6 cm² kunja kwake. Kaduleduleni mpaka kachidutswa kalikonse kakhale 10 nm, mupeza 600 m². Kulemera n'komweko, palibe chawonjezeka, koma malo okhudzana ndi thupi achuluka moopsa. Chipika sichigwira moto msanga, koma ukachiwaza chimayaka nthawi yomweyo. Selo silidziwa kuti walipatsa magalamu angati, limangomva chimene chalikhudza. Ndiye mlingo wa poizoni tizingouyeza pa sikelo bwanji?

Anzanga, jambulani grafu pamanja. Excel imakujambulira iwe uli mtulo. Ine ndafika ponena kuti munthu amene sanaikepo dontho lililonse yekha papepala la grafu sanayambe toxicology, maphunziro a za poizoni, ndipo Chikanda yonse, komwe timakhala ophunzira kuno ku Zomba, ndakhala ndikulalikira zimenezi mpaka mnzanga wogona naye chipinda watopa nane.

Chondiwawa n'choti grafu imeneyi inalipo m'kalasi. Alekichara anaidutsa ngati akuthamangira minibasi ya ku Limbe, amvekere "izi mukawerenga nokha." Tikawerenga nthawi yanji? Mayeso akutsatana, magetsi akuzima usiku, bando ya intaneti ikutha pepala lisanatsike n'komwe. Mphindi zochepa chabe pa bolodi zikanatipulumutsa tonse.

Komabe chimwemwechi chili ndi malire. Mu 2008 kafukufuku wa pa mbewa anaonetsa kuti ma carbon nanotube (timachubu ta carbon tonga ulusi) aataliatali amatupitsa mnofu ngati asbestos, pamene aafupi sanatero. Apa nkhani ndi kutalika, macrophage, selo lachitetezo lomeza zinthu zachilendo m'thupi, imalephera kumeza ulusiwo wonse. Siliva wa nano naye amasungunuka n'kutulutsa ma ion, ma atomu okhala ndi mphamvu ya magetsi. Ndipo European Union italetsa E171, yemwe ndi titanium dioxide yemweyu, m'zakudya mu 2022, nkhawa yaikulu inali ya DNA, osati mapapo.

Ndiye surface area ikuyankha gawo lalikulu bwanji? Proposal ya masters ndikufuna kuilemba pa zomwezi, koma electron microscope, makina oonera tinthu tochepa chonchi, ndimangoiona pazithunzi. Kaya munthu angamange ntchito yonse ya kafukufuku pa tinthu timene sanationepo, ali konkuno ku Zomba, kaya mpaka atuluke kunja, ine sindinaganize bwinobwino.