Firiji ikayamba kuluma, musaseke

M'mawa uno pa msika wa Mpondabwino mayi wina amadandaula kuti ziwiya za kukhitchini kwake zamuukira. Firiji ikumamumenya shoko akagwira chitseko ali wosavala nsapato, pomwe ketulo ndi hotipuleti zikayaka limodzi m'nyumba monse mukumanunkha pulasitiki yopsa. Anthu anafa nalo phwete, ati zinapangana usiku. Ine zandidetsa nkhawa kwambiri, abale. Firiji ikamaluma chonchi ndiye kuti waya wa ethi, wotayira pansi magetsi othawa, waduka kapena sanaulumikize n'komwe, ndipo magetsi athuwa a 230V afika pa chitsulo chakunja, akusaka njira yopita pansi. Njirayo ndi thupi lanu. Mvula ikamagwa kuno ku Zomba simenti imachita chinyezi, shokoyo imakula, ndipo imapha.

Zimitsani pa soketi, zulani pulagi ya firijiyo, muyitsegule. Waya wabulauni upite ku fyuzi, wabuluu kumanzere, wagirini ndi yelo ku phini lalitali lapamwamba, ndipo masikuluu onse akhale omangika bwino. Fyuzi ya ketulo ikhale ya 13A (A ndi muyeso wa kuchuluka kwa magetsi odutsa mu waya), osati kawaya kopota kapena siliva wa m'paketi ya ndudu, zomwe ndi kusewera ndi moto. Ketulo ya 2000W payokha imakoka pafupifupi 9A. Mukaisanjikiza ndi hotipuleti pa ekisitenshoni imodzi mutha kupyola 13A imene ekisitenshoniyo imapirira, mawaya amatentha, n'chifukwa chake fungo lija. Ngati pulagi ili bwino koma shoko ikadalipo, yang'anitsani soketi ya pakhoma ndi chitsulo cha ethi chokhomedwa pansi panja. Pamenepo itanani mmisiri wa magetsi, ndipo firijiyo ikhale yozula mpaka akonze, makamaka ngati pakhomo pali ana.