Mbalame zosochera za mu Ogasiti: tsopano zandilowa

Anzanga amene tikulimbana ndi gawo la kusamuka kwa mbalame, ine mtima wakhala pansi. Funso limene linkandizunguza linali lakuti, n'chifukwa chiyani malipoti a mbalame zachilendo kuno ku Britain amayamba kuchuluka mu Ogasiti, ndipo n'chifukwa chiyani zambiri mwa izo zimakhala zoswedwa chaka chomwecho? Za kusiyanitsa nthenga za ana ndi za akulu sindikambapo, mukudziwa kale.

Nkhani yake ndi iyi: kamwana kambalame koyamba ulendo kalibe mapu. Kali ndi kampasi ndi wotchi, basi. Kamabadwa kakudziwa mbali yolunjika ndi nthawi yoti kaulukire, koma kumene kali sikadziwa. Zili ngati mwana amene wauzidwa kuti atsike pa siteji yachisanu. Mukamukweza basi ina, adzatsikabe pa siteji yachisanu, mtima uli m'malo.

Chimene chinanditsegula maso ndi ntchito ya Perdeck, katswiri wofufuza za mbalame, ya mu 1958. Anagwira mbalame za mtundu wa starling pafupifupi 11,000 ku Netherlands zili paulendo, n'kuziveka mphete kumiyendo, n'kukazimasula ku Switzerland. Zazikulu zinakhota n'kulowera kumene zimakhala nthawi yozizira chaka chilichonse, cha kumpoto kwa France ndi ku England. Ana aja sanakhote. Anangopitiriza kulunjika kum'mwera chakumadzulo monga poyamba, n'kukathera kum'mwera kwa France ndi ku Spain. Mtundu umodzi, malo omasulira amodzimodzi, koma akulu anazindikira kuti asunthidwa pomwe ana sanazindikire. Ndiye kumapeto kwa chilimwe, pamene mlengalenga mwadzaza ana ongochoka kumene m'zisa, osochera angalephere bwanji kuchuluka?

Ndipo kampasiyo ndi yakumtundu. Katswiri wina, Helbig, anakweretsa mbalame za mtundu wa blackcap, ma blackcap olowera kum'mwera chakumadzulo ndi olowera kum'mwera chakum'mawa, ana ake n'kumalunjika pakati, kum'mwera kwenikweni. Chinthu chobadwa nacho chikhozanso kubadwa chokhota. Taonani Barred Warbler. Imaswana kum'mawa kwa Ulaya ndipo imayenera kudzera kum'mwera chakum'mawa popita kum'mawa kwa Africa. Koma kuyambira mu Ogasiti imapezeka ku Shetland ndi ku Fair Isle, zilumba za kumpoto kwa Scotland, mbali yotembenuka ndithu, ndipo pafupifupi zonse ndi ana. Zazikulu n'zosowa kwambiri kuno.

Njira yanga, imene ndikuumirira kuti aliyense aiyese, ndi ya ulusi. Pezani globe, mapu a dziko lapansi obulungira ngati mpira, osati mapu a papepala, chifukwa apapepala amanama pa za njira yowongoka. Ikani ulusi kuchokera kumene mbalame imakakhala nthawi yozizira kufika kumene imaswana, kenako upitirizeni kuseri osakhotetsa. Yesani ndi Yellow-browed Warbler, kuchokera kum'mwera chakum'mawa kwa Asia kudutsa ku Siberia. Ulusi ukutulirani kumadzulo kwa Ulaya, komwe kambalameka kamawonekadi chaka chilichonse kumapeto kwa Seputembala ndi mu Okutobala. Kwa ine ulusi umenewu waposa masilaidi onse a temu ino. Ndinganene kuti amene sanaugwire sanayambe n'komwe kumva phunziroli.

N'chifukwa chake ndimakwiya. Aphunzitsi athu anamudutsa Perdeck ngati akuthamangitsidwa, silaidi imodzi, kenako n'kutiunjikira mndandanda wa mayina oti tiloweze. Ukafunsa amati zili m'zowerenga za sabata ino. Nthawi yake iti? Ena timachoka m'kalasi n'kuthamangira ku shifiti, pobwera maso ali gwa ndi tulo. Akanangobweretsa globe tsiku limodzi lokha.

Za mphepo ndidutsapo msanga. Mphepo yakum'mawa imakankhira ana a Wryneck ndi Red-backed Shrike ku gombe la kum'mawa kwa England, malo ngati Spurn ndi Norfolk. Shrike ameneyu ndi yemwe uja timamuona kwathu nyengo ya dzinja atatera pa zitsamba. Apanso mfundo ndi yomweyo, mphepo imasuntha onse koma wamkulu amadziwa kubwerera m'njira.

Pali zina zimene ulusi wanga sukuzikwanitsa, ndipo zimandinyansa. Mu Ogasiti 2023 Red-footed Booby, mbalame ya m'nyanja zotentha, inadzatera pa nsanja younikira sitima ya Bishop Rock ku zilumba za Scilly, kum'mwera chakumadzulo kwa England. Mu Seputembala chaka chomwecho, itadutsa mphepo yotsalira ya Hurricane Lee, ku Pembrokeshire, ku Wales, kunapezeka mbalame za ku America, Magnolia Warbler ndi Canada Warbler, yachiwiriyi koyamba mu Britain monse. Pamenepa palibe za kampasi yotembenuka, ndi mphamvu ya mphepo chabe yowolotsa tinthu tating'ono nyanja ya Atlantic.

Koma imene yandisiya m'malere ndi Richard's Pipit. Ankaiyesa yosochera. Kafukufuku wa mu 2021 anasonyeza kuti zina zokhala kum'mwera kwa France nthawi yozizira zimabwerera ku Siberia kukaswana, kenako n'kubweranso. Mbalame yopita n'kubwera tingaitchebe yosochera? Nanga ma Yellow-browed ochulukawa, ndi olakwitsa njira kapena akutsegula yatsopano? Pamayeso ndilemba za kampasi ndi wotchi chifukwa pamenepo ndaima nji. Koma akafunsa pamene kusochera kumathera ndi pamene njira yatsopano imayambira, kaya. Amene mwawerenga pepala la pipit lija mpaka kumapeto, tandiuzani mmene mwalimvera.