Pambali pa chiyani?

Bambo anga atayamba kumwa mankhwala a BP, panangopita masabata atatu n'kuyamba kutsokomola. Chinali chifuwa chouma, chopanda makhololo, chongokanda pakhosi ngati pakakamira kanthenga. Masana chinkawapatsako mpata, koma akangoti mutu papilo, basi chayambapo. Tsiku lina madzulo anandiponyera pamiyendo kabokosi ka mankhwalawo, enalapril.

"Tatulutsa kapepala kali m'katimo undiwerengere. Tizilembo tangati nyerere timeneto maso angawa satitha."

Ndinakatambasula. Kanali kopyapyala, kopindidwa kambirimbiri, Chingerezi chokhachokha kutsogolo ndi kumbuyo. Cha m'munsi ndinapeza mutu wakuti *Possible side effects*, ndipo pamndandanda wake panali liwu lomwe ndinkalisaka: *cough*.

"Ababa, apa akuti mankhwalawa ali ndi zotsatira zina zapambali. Chifuwachi n'chimodzi mwa zimenezo."

Anandiyang'ana kwa kanthawi. "Zapambali? Pambali pa chiyani, mwanawe? Chifuwachi chili pakati penipeni pa chifuwa changa, ndipo chikumandidzutsa pakati pa usiku. Iwe ukuti pambali?"

Ndinaseka, koma choyankha ndinalibe.

Kusukulu tinaloweza kuti *side* ndi mbali, nkhani n'kuthera pomwepo. Choipa chake n'chakuti kumasulira kumeneku kumalondola kambiri, ndiye munthu sukayikiranso, umangoponya "mbali" paliponse pamene wamva *side*. Funso la bambo linandisowetsa mtendere moti ndinayamba kumalemba pafoni chiganizo chilichonse chomwe ndamva kapena kuwerenga chokhala ndi liwuli. Sabata isanathe mndandanda unali utatalika moti ndinkachita kuukwezera m'mwamba ndi chala.

Nditafufuza kumene linachokera ndinapeza kuti liwuli ndi nkhalamba. Linalipo kale m'Chingerezi cha zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo poyambirira linkanena za thupi: malo a kuyambira m'khwapa kufika m'chiuno. Lili ndi abale ake m'zilankhulo zoyandikana nazo. Achidatchi amati *zijde*, Ajeremani amati *Seite*, ndipo kwa Ajeremaniwo liwu lomwelo limatanthauzanso peji ya buku, poti pepala lili ndi kuno ndi kuseri. Tanthauzo la thupi lija silinafe. Mzungu akati *I have a pain in my side*, sakunena za mbali ya china chilichonse ayi, akumva kupweteka m'nthiti. Akaseka kwambiri amati *I split my sides*, ndipo apa tinagwirizana nawo osapangana, pakuti ifenso timadziwa nthabwala zothyola nthiti.

Ndikaganizira za thupi la munthu woimirira, ndimaona kuti njira za liwuli zinagawikana pawiri kuchokera pomwepo. Nthiti zili kumanja ndi kumanzere, zofanana, palibe yoposa inzake. Komanso nthiti si nkhope, si kutsogolo kumene munthu akulowera. Ndiye pali *side* wa zinthu zofanana mphamvu, ndipo pali *side* wa chinthu chokankhidwira kunja. Mndandanda wanga wa pafoni uja pafupifupi wonse unalowa m'mitolo iwiri imeneyi.

Mtolo woyambawo sunandivute kwenikweni, koma unandionetsa kuti Chichewa chimasiyanitsa zinthu zimene Chingerezi chimaziunjika pamodzi. Iwo amati *the other side of the river*. Ife tili ndi liwu lakelake, tsidya, ndipo ukamva munthu akunena kuti "mbali ina ya mtsinje" umadziwiratu kuti chiganizocho chabadwira m'Chingerezi n'kuvekedwa malaya athu. Iwo amati *on my mother's side*, ife timati kuchikazi. *The other side of the wall* ndi kuseri kwa khoma. *By the side of the road* ndi m'mphepete mwa msewu. Mawu anayi osiyana, onse kwa iwo ndi *side* mmodzi yemweyo. Pamkangano pokha m'pamene mbali wathu amakwanira bwinobwino: *whose side are you on*, uli mbali iti.

M'masamu namo liwuli silikhazikika. *Sides* za thirayango ndi mizere itatu. *Sides* za dayisi ndi nkhope zisanu ndi imodzi, ngakhale mphunzitsi wa masamu wokhwimitsa zinthu angakudule kuti unene *faces*. Ndipo pali kanthu kena komwe akatswiri awiri a ku Germany, August Möbius ndi Johann Listing, anakatulukira mu 1858 aliyense payekha. Dulani kapepala katalikatali ngati lamba, mupotoze nsonga imodzi theka, kenako mumate nsonga ziwirizo. Ndinayesa ndi pepala la m'kope lakale. Ndinaika cholembera pakati n'kumalemba mzere osanyamula dzanja, mpaka ndinabwerera pamene ndinayambira. Nditayang'ana, mzere unali ponseponse, kuno ndi kuseri komwe, chonsecho sindinadumphe m'mphepete. Kapepala ka mbali imodzi yokha. Mwana wanga anati ndachita matsenga, ndipo anakana kukagwira.

Kumpira ndiye kumene ndinachita manyazi. Owulutsa mpira a ku England akati *they are a very good side* amatanthauza timu, izi ndinkazidziwa. Koma moyo wanga wonse ndinkaganiza kuti ofusayidi ndiye kuti wosewera waima mbali yolakwika ya bwalo. Ayi ndithu. M'malamulo akale a mpira wa m'masukulu a ku England, m'zaka za m'ma 1800, wosewera amene watsogola mpira ankati ali *off his side*, kutanthauza kuti pakanthawi kameneko wachoka m'timu mwake, sakuwerengedwa, asakhudze mpira. Lamulo la ofusayidi linalowa m'malamulo a bungwe la mpira la ku England, Football Association, a mu 1863, ndipo mu 1925 analifewetsa kuti pakati pa wosewera ndi mzere wa golo pazikhala adani awiri m'malo mwa atatu. Zaka zonsezi ndakhala ndikukuwiza oyimbira mpira ndi liwu lomwe sindinkadziwa mutu wake.

Mtolo wachiwiri ndi umene unali ndi yankho la funso la bambo, ndipo ndi umene sindiukhulupirira. *Side road*, *side door*, *side job*, *side issue*. M'mawu onsewa muli munthu wina amene anasankhiratu kuti pakati ndi pati, koma iye saoneka. Msewu umene woyendetsa basi amautcha *side road* kwa munthu wokhala m'mphepete mwake ndiwo msewu weniweni, umene amatulukira m'mawa uliwonse. Ntchito imene abwana ako angaitche *side hustle* mwina ndi imene ikukulipirira lendi, pamene ya pakati ija imangokupatsa dzina ndi chiphaso chopachika m'khosi. Nanga *side chick*? Ife timati chibwenzi chamseri, ndipo liwu lathuli ndimaliona lachilungamo pang'ono chifukwa limaulula kuti pali kubisa, pali wina wobisayo. Lachingerezilo limangomuika mtsikanayo pamalo, ngati mpando wosefukira m'chipinda, pamene mwina mwiniwakeyo sakudziwa n'komwe kuti ali pambali pa munthu wina.

Amene tinakula ndi makaseti timakumbukira *Side A* ndi *Side B*, ndi cholembera chija chobwezera tepi ikatafunidwa. Mwambo wa zilembo ziwirizi unakula ndi timbale ta nyimbo ting'onoting'ono tozungulira maulendo 45 pa mphindi, timene kampani ya RCA Victor inatulutsa mu 1949. Nyimbo imene akampani ankayembekezera kuti igulitsa ankaiika ku A, yodzazira malo ku B. Koma kangapo konse owulutsa pawailesi ankatembenuza mbale, anthu n'kukonda ya kuseriyo, ya ku A n'kuiwalika.

Ndiye tibwerere ku chifuwa chija. Nditawerenga mmene enalapril amagwirira ntchito ndinaona kuti bambo sanalakwe mpang'ono pomwe. M'thupi muli kanthu kotchedwa ACE, kamene kamathandiza kupanga chinthu chofinya mitsempha ya magazi. Mankhwalawa amakamanga manja kanthuko, mitsempha imamasuka, BP imatsika. Koma ACE yemweyo ali ndi ntchito inanso: amaphwanya chinthu china chotchedwa *bradykinin*. Akamangidwa manja, *bradykinin* amachulukana, ndipo mwa anthu ena amakanda njira za mpweya n'kuyambitsa chifuwa chouma. Piritsi lachita chinthu chimodzi chokha. Silidziwa kuti ichi n'chapakati, ichi n'chapambali. Amene anagawa ndi anthu, malinga ndi chimene ankafuna polipanga.

Umboni wake ndi wakuti nthawi zina zapambalizo zimalanda mpando. Asayansi a kampani ya Pfizer ku Sandwich, m'dziko la England, ankayesa mankhwala otchedwa sildenafil kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, cholinga chawo chili kuthandiza odwala mtima amene amamva kupweteka pachifuwa. Kumtimako sanachite zodabwitsa, koma abambo amene ankawayesa ananena za chinthu china chimene chinkawachitikira, ndipo mu 1998 mankhwalawo analoledwa ku America ndi dzina lakuti Viagra. Minoxidil nayenso anayamba ngati piritsi la BP, odwala n'kumamera tsitsi mosayembekezera. Pofika 1988 anali akugulitsidwa ngati mankhwala opaka padazi. Pa kapepala kakale, tsitsilo linali m'gulu la zapambali. Pa katsopano linakwera pamutu wankhani.

Pamndandanda wanga panatsala tina tomwe tinakana kulowa mtolo uliwonse, ndipo timeneti ndi tomwe ndimatikonda. Ndevu za m'masaya zija amati *sideburns*, ndipo aliyense angaganize kuti n'chifukwa choti zili m'mbali mwa nkhope. Zoona zake n'zakuti panali mkulu wa asilikali pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865, dzina lake Ambrose Burnside, yemwe ankasunga ndevu zoterozo n'kumameta chibwano. Anthu anayamba kuzitcha *burnsides*, kenako anatembenuza dzinalo kuti limveke ngati lili ndi tanthauzo. *Upside down* nayenso *side* wake ndi wobwereka: kale ankati *up so down*, pakamwa pa anthu m'pamene panasintha. Ndipo musanamizidwe ndi *decide*, *reside*, *consider* kapena *suicide*. Amenewa ndi ochokera ku Chilatini, angofanana nkhope, si pachibale.

Pamasewera a snooker, munthu akamenya mpira woyera chakumphepete kuti uzungulire n'kukhota ukagunda khoma la tebulo, a ku Britain amati waika *side*. A ku America kamenyedwe komweko amakatcha *english*. Ndinaseka ndekha nditazindikira kuti Angerezi eni ake salitchula dzina lawolo. Ku Britain komweko akanena za munthu kuti *there's no side to him*, ndiye kuti amuyamikira: alibe matama, sadzimva. Ndikanamva zimenezi ndisanafufuze ndikanaganiza kuti akumunena kuti ndi wosadziwika mbali, ngati mleme.

Kachilembo kamodzi kokha kamathanso kusintha zonse. *Beside me* ndi pafupi nane, phewa ndi phewa. *Besides me* ndi kuwonjezera pa ine. Ndipo *he was beside himself* sakutanthauza kuti munthu wakhala moyandikana ndi iye mwini, koma kuti mkwiyo kapena chisoni chamuzunguza mutu. Ifenso tinaliphunzitsa ntchito yatsopano liwuli. Timati *come this side*, *how is it that side*, ndipo kumeneko ndi "kuno" ndi "uko" athu atavala Chingerezi. Mzungu wa ku London angangoti *here* ndi *there*. Ine sindikuonapo cholakwika. Liwu lomwe lalolera kukhala timu, nthiti, matama ndi kuzungulira kwa mpira silingadandaule kuti talisenzetsa katundu wina.

Bambo tinabwerera nawo kuchipatala Lachinayi la sabata yotsatira. Adokotala atangomva za chifuwacho sanachedwe, anawachotsa pa enalapril n'kuwalembera losartan, amene amatsitsa BP podzera njira ina yosakhudza ACE uja. Chifuwa sichinathe tsiku lomwelo. Chinapitirira masiku angapo, chikucheperachepera, mpaka usiku wina mayi anadzidzimuka chifukwa m'nyumba munali zii.

Tsiku lomwe tinabwera ndi kabokosi katsopanoko, bambo anakhala pampando wawo, anakatsegula okha, n'kusolola kapepala kopindapinda kaja. Anakatembenuza uku ndi uku, kenako anandipatsira. Ndinayamba kuwerenga kuchokera pamwamba, pamene amafotokoza ntchito ya mankhwala.

"Iyayi, dumpha pamenepo," anatero akuloza m'munsi ndi chala. "Zapakatizo adokotala andiuza kale. Yamba ndi zapambalizo."