Chifukwa chimene ndimakondera mabuku achikondi a nyengo ya Khirisimasi

Chaka chilichonse, mwezi wa Okutobala ukangoyamba, makampani osindikiza mabuku ku Britain, ku America ndi ku Canada amatulutsa mabuku ambirimbiri a nkhani zachikondi zochitika m'masiku a Khirisimasi, ndipo pa zikuto zake pamakhala zinthu pafupifupi zomwezomwezo, monga kanyumba kowala ndi nyali zamitundumitundu, chipale chofewa chili mbee padenga, ndiponso mwamuna ndi mkazi atavala majuzi ofiira kapena obiriwira. Anthu ena okonda kuwerenga amawaderera mabuku amenewa ponena kuti munthu amadziwiratu mathero ake asanatsegule n'komwe tsamba loyamba. Ine ndimawakonda ndi mtima wonse, ndipo ndimaona kuti amene amawaweruza poyang'ana zikuto ndi mathero okha amaphonya nkhani yaikulu imene ili m'kati mwake, yomwe ndi ya munthu wobwerera kwawo asakudziwa ngati akamulandira.

Zoti mathero amadziwikiratu n'zoona, ndipo olemba ake sabisa. Bungwe la olemba nkhani zachikondi ku America, lotchedwa Romance Writers of America, limene linakhazikitsidwa mu 1980, limanena kuti buku la mtundu umenewu liyenera kukhala ndi zinthu ziwiri, zomwe ndi chikondi cha anthu awiri chokhala pakati penipeni pa nkhani, komanso mathero okhutiritsa ndi opatsa chiyembekezo. Wowerenga amagula bukulo akudziwa kuti awiriwo adzakhalira limodzi, ndiye chimene amafuna kuona ndi njira imene adutse kuti akafike kumeneko, mabala amene aliyense wabwera nawo, ndi mawu amene akhala akulephera kulankhula. Zimafanana ndi kupita ku ukwati, kumene aliyense m'tchalitchi amadziwa kuti mkwati ndi mkwatibwi avomera, koma nthawi ya malumbiro ikafika amayi amalulutirabe ndipo ena amapukuta misozi, chifukwa amadziwa kumene awiriwo achokera.

Mwambo wotulutsa buku lapadera la nyengo ya Khirisimasi unakhazikika ku England m'zaka za m'ma 1840. Charles Dickens anatulutsa A Christmas Carol pa 19 Disembala 1843, ndipo mabuku 6,000 oyamba anali atatha kugulidwa tsiku la Khirisimasi lisanafike. Bukuli silinena za chibwenzi kwenikweni, koma linaonetsa osindikiza kuti m'mwezi wa Disembala anthu amalakalaka nkhani ya munthu wouma mtima amene amafewa n'kubwerera kwa anzake, ndipo ngakhale m'menemo muli chikondi chimene chinatayika, pakuti mwini nkhaniyo amaonetsedwa mtsikana amene anathetsa chibwenzi chawo ataona kuti mnyamatayo wayamba kukonda ndalama kuposa iye. M'chaka chomwecho munatulukanso khadi loyamba la Khirisimasi logulitsidwa kwa anthu, ndipo mu 1848 nyuzipepala ina ya ku London inasindikiza chithunzi cha Mfumukazi Victoria ndi banja lake atazungulira mtengo wokongoletsedwa, zimene zinachititsa kuti mtengowo ufalikire m'nyumba za anthu wamba. Zambiri zimene timaziona pa zikuto za mabuku a lero zinachokera m'zaka zochepa zimenezo.

Chipale chofewa nachonso chili ndi ntchito yake m'nkhanizi, ndipo sichingokhala chokongoletsera. Chikagwa chochuluka misewu imatsekeka, alendo amalephera kubwerera kwawo, ndipo anthu awiri amene akhala akupewana amapezeka ali m'nyumba imodzi popanda kothawira. Jane Austen anagwiritsa kale ntchito njira imeneyi m'buku lake la Emma, limene linatuluka mu Disembala 1815, pamene alendo akubalalika mofulumira paphwando la usiku wa pa 24 Disembala poopa chipale, ndipo mtsikana Emma, mwini nkhaniyo, akupezeka ali yekha m'ngolo yokokedwa ndi akavalo pamodzi ndi m'busa wa m'deralo, amene akupezerapo mwayi womufunsira. Iye akumukana, ndipo nkhani ikupita kwina, koma olemba a pambuyo pake anaona kuti nyengo yoipa ingathe kukakamiza anthu kulankhula zimene zili kumtima. N'chifukwa chake mabuku ambiri a Khirisimasi amaikidwa m'zaka za pakati pa 1811 ndi 1820, pamene mwana wa Mfumu George III ankalamulira m'malo mwa bambo ake amene ankadwala, chifukwa mabanja olemera a nthawi imeneyo ankaitanirana alendo kunyumba zawo zakumidzi n'kukhala nawo mpaka kumayambiriro kwa Januwale.

Komabe nkhani imene ndimaiona ngati muzu wa zonsezi ndi yaifupi kwambiri, ndipo mulibe olemera. Mu Disembala 1905 wolemba wa ku America wodziwika ndi dzina loti O. Henry anasindikiza m'nyuzipepala ya ku New York nkhani yotchedwa The Gift of the Magi, yonena za banja latsopano losauka. Mkazi, Della, ali ndi dola imodzi ndi masenti 87 basi, ndipo mawa lake ndi Khirisimasi. Akupita kukameta tsitsi lake lalitali, chinthu chokhacho chimene ankanyadira, n'kuligulitsa madola 20 kuti agulire mwamuna wake tcheni cha wotchi yagolide imene anasiyiridwa ndi makolo ake. Mwamunayo, Jim, akufika madzulo atagulitsa wotchi yomweyo kuti agulire mkazi wake zipeso zokongola zimene ankazisirira pawindo la sitolo. Mphatso zonse ziwiri zikukhala zopanda ntchito tsiku limenelo, koma aliyense akudziwa tsopano mmene mnzake amamuonera.

Ndimaikonda nkhani imeneyi chifukwa imavomereza poyera kuti nyengo ya chikondwerero imapweteka munthu amene alibe kanthu m'thumba. Ife a kuno tikudziwa bwino kuti Disembala ndi mwezi umene ndalama imafunika mbali zonse nthawi imodzi, pakuti feteleza akufunika kumunda, ana akuyembekezera zovala zatsopano ndi mpunga wa nkhuku, ndipo sukulu fizi ya mu Januwale yayandikira kale. Buku lachikondi la Khirisimasi limene limandifika pamtima ndi limene limalola kuti vuto lotere lilowe m'nkhani, kaya ndi sitolo yabanja imene yatsala pang'ono kutsekedwa, kaya ndi mayi wolera yekha mwana amene akuwerengera tindalama take usiku mwanayo atagona. Mabuku amene mavuto onse amatha chifukwa choti mwamunayo wapezeka kuti ndi mwana wa mfumu kapena mwini chuma chosaneneka ndimawawerenga ndithu, koma sakhalitsa m'maganizo mwanga.

Imodzi mwa makampani amene anafalitsa kwambiri nkhani zachikondi padziko lonse ndi Mills & Boon, imene Gerald Mills ndi Charles Boon anayambitsa ku London mu 1908. Kampani ya Harlequin ya ku Canada, imene inayambira mumzinda wa Winnipeg mu 1949, inagula Mills & Boon mu 1971, ndipo nayonso inagulidwa ndi HarperCollins mu 2014. Njira yawo inali yotulutsa timabuku tating'ono, totsika mtengo, mwezi ndi mwezi, ndipo chifukwa chotsatira kalendala moteromo zinali zosavuta kuti mabuku a kumapeto kwa chaka azikhala a Khirisimasi. Ambiri a ife tinakumana ndi timabuku timeneti titatha kale ntchito kwa eni ake oyamba, tikugulitsidwa pansi m'mbali mwa msewu kapena tikubwerekanidwa m'zipinda zogona za kusekondale, masamba atafiira ndipo nthawi zina chikuto chitachoka. Munthu ankatha kuwerenga za chipale chofewa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo nkhaniyo inkamugwirabe mtima.

Ndaganizira kwambiri chifukwa chake nkhanizi zimatigwira ngakhale kuti nyengo yake ndi yachilendo kwa ife, ndipo ndikuona kuti yankho lili pa ulendo wobwerera kwawo. Pafupifupi buku lililonse la mtundu umenewu limayamba ndi munthu amene wanyamula chikwama kuchoka mumzinda waukulu kupita kumene anakulira, ndipo kumeneko akukumana ndi anthu amene amamudziwa kuyambira ali wakhanda, amene sangawanamize ndi udindo wake wa kuntchito kapena zovala zake. Akukumananso ndi munthu amene anamusiya, kapena amene sanalimbe mtima kumuuza zakukhosi zaka zambiri zapitazo. Masiku ndi owerengeka, chifukwa tchuthi chikatha aliyense abwerera ku ntchito yake, ndiye mawu amene akanatha kudikira chaka china ayenera kulankhulidwa sabata yomweyo. Aliyense amene anakwerapo basi yodzaza ya kumudzi pa 23 Disembala, kapena amene anadikirirapo m'bale wochokera ku Joni atatha zaka asanaponde kwawo, amaudziwa mtima umenewu, umene uli chimwemwe chosakanikirana ndi mantha.

Chinthu china chimene anthu osawerenga mabukuwa sachidziwa n'chakuti muli imfa zambiri. Amuna ndi akazi amasiye, ana amene makolo awo anamwalira chaka chomwecho, ndiponso abale amene anayambana pamaliro n'kusiya kulankhulana, onsewa amapezeka kawirikawiri, ndipo mpake kutero, chifukwa tsiku lachikondwerero ndi limene mpando wa womwalira umaonekera kwambiri kuti ulibe munthu. Wolemba waluso sathamangira kupukuta misozi ya namfedwa pomupatsa chibwenzi chatsopano. Amayamba waonetsa mmene munthuyo akudziimbira mlandu pongoyamba kusekanso, mmene ana ake akuonera mlendo amene wayamba kubwera pakhomo, ndi mmene apongozi akale akumvera poona kuti malo a mwana wawo akufuna kukhalidwa ndi wina. Chikondi chikamadzafika kumapeto chimakhala chitadutsa m'zonsezi, ndipo ndi pamenepo pamene ine ndimatseka buku ndili wokhutira.

Pali zina zimene sindigwirizana nazo, ndipo zafala kwambiri kuchokera pamene wailesi yakanema ya Hallmark ku America inayamba kuonetsa mafilimu a Khirisimasi motsatizana chaka ndi chaka mu 2009, ena mwa iwo ochokera m'mabuku omwewa. Nthawi zambiri mkazi amene ali ndi ntchito yabwino mumzinda amaonetsedwa ngati wotayika, ndipo kuti apeze chimwemwe ayenera kusiya zonse zimene anavutikira n'kukakhala m'katauni kakang'ono ka mwamunayo. Zimandiwawa kuona kuti si kawirikawiri pamene mwamuna amafunsidwa kusiya kanthu, pomwe nkhani ya Della ndi Jim, imene inalembedwa kale kwambiri, inaonetsa anthu awiri akutaya chinthu chamtengo wapatali mofanana. Mtsikana amene akuwerenga mabukuwa ali pasukulu ayenera kupezamo akazi amene akukondedwa pamodzi ndi maphunziro awo ndi ntchito zawo, ndipo ndimasangalala kuti olemba ena atsopano ayamba kulemba motero.

Kusintha kwina kumene ndimakulandira ndi manja awiri n'kwakuti nyengo ya zikondwerero siikutanthauzanso Khirisimasi ya azungu a kumayiko ozizira okha. Masiku ano kuli mabuku achikondi ochitika m'masiku 8 a chikondwerero cha Ayuda cha Hanukkah, ena pa chikondwerero cha Ahindu cha Diwali, ena pa Eid, ndipo olemba a ku Australia amalemba za Khirisimasi ya m'nyengo yotentha, anthu akudyera panja kapena m'mphepete mwa nyanja. Ku Nigeria, kampani ya Cassava Republic inatsegula nthambi yosindikiza nkhani zachikondi za anthu a mu Africa, yotchedwa Ankara Press, mu 2014, ndipo zimenezi zinasonyeza kuti owerenga a kuno amafuna kudziona okha m'nkhani zoterezi.

Ndimalakalaka kuwerenga buku lotere lolembedwa m'Chichewa, ndipo zofunika zonse tili nazo kale. Kwathu Khirisimasi imafika mvula ili pakati, chimanga chikupaliridwa, ndipo mtsinje ukadzaza n'kumiza mlatho alendo amagona kumene sanakonzekere, monga momwe chipale chofewa chimatsekerezera anthu a ku England. Tili ndi makwaya amene amakonzekera nyimbo kwa milungu ingapo, mapemphero a usiku wa pa 24 Disembala, ndi achinyamata obwera kutchuthi amene amaonana kumsika atasiyana zaka. Tilinso ndi chinthu chimene mabuku akunja alibe, chomwe ndi ankhoswe, pakuti kwathu anthu awiri akagwirizana nkhani imakhala itangoyamba kumene, ndipo iyenera kukafika kwa amalume a mbali zonse ziwiri. Wolemba amene angaike mnyamata wochokera ku Joni ndi mtsikana wophunzitsa pasukulu ya kumudzi kwawo m'masiku a pakati pa Khirisimasi ndi chaka chatsopano, amalume a mtsikanayo akukumbukirabe chifukwa chimene mnyamatayo anachokera osatsanzika, adzakhala ndi nkhani yokwanira buku lathunthu, ndipo ine ndidzakhala mmodzi wa oyamba kuligula.