Mawaya a M'mano Ukakula: Zoyenera Kudziwa Kuno ku Joni

Musanyengedwe kuti mawaya owongola mano ndi a ana okha. Ngakhale muli ndi zaka 40 mano amasunthabe, kungoti fupa la munthu wamkulu limachedwa kugonja. Nthawi zambiri zimatenga chaka ndi theka mpaka zaka ziwiri.

Dokotala amayamba ndi X-ray. Ngati nkhama zikutuluka magazi kapena dzino lili ndi bowo, amachiza zimenezo kaye, chifukwa kukoka dzino pa nkhama zodwala kumaligwedeza. Kenako amamata tizitsulo pa dzino lililonse n'kudutsitsa waya, yemwe amamangidwanso pakatha masabata 4 mpaka 8. Masiku atatu oyamba kumapweteka: phala ndi nsima yofewa basi. Biltong, chimanga chowotcha ndi nzimbe ziiwaleni, zimathothola tizitsulo. Mukamatsuka mwaulesi, mawaya akadzachoka mudzapeza madontho oyera osafufutika.

Onetsetsani kuti dokotalayo ndi wolembetsedwa ku HPCSA, bungwe loyang'anira madokotala ndi ogwira ntchito zaumoyo kuno ku South Africa. Mawaya ogulitsidwa pa Facebook asiyeni ndithu. Opita kumudzi mu Disembala, kaonaneni ndi dokotala wanu musanakwere basi.

Akachotsa mawaya, valani retainer (kachipangizo kogwira mano kuti asasunthe) usiku uliwonse. Mukaisiya, mano amabwerera mwakale.